Geni ya pakhonde ndi mapu a khonsolo: nyumba imasiya liti kukhala nyumba?

Mukadutsa mumsewu wa kwathu cha m'ma 6 koloko m'mawa mupeza anthu atayamba kale kusaka ya ndiwo, koma osatuluka pageti. Pakhomo loyamba pali benchi, pabenchipo beseni la mandasi lovundikira ndi nsalu yoyera, pambali pake timilu ta tomato ndi timajumbo ta makala. Pakhomo lachiwiri anaboola mpanda wa njerwa n'kuikapo zenera la waya. Imeneyo ndi okala: sopo, machesi, shuga womanga m'timapepala, mafuta ophikira oyezera pa kabotolo, ndipo pamwamba pa zeneralo pali zikwangwani za Airtel Money ndi Mpamba. Chapatsogolo makina a atelala akulira kale pakhonde chifukwa mayunifolomu a ana akufunika Lolemba. Kuseri kwa nyumba ina kukumveka anapiye ambirimbiri. Kumathero a msewu, magetsi akangoyaka, mnyamata wowotcherera zitsulo amayamba kudula zitsulo za mafelemu a mawindo, phokoso lake n'kumakamvekera kumsewu waukulu.

Pa mapu amene ali ku ofesi ya mapulani, msewu wonsewu unapakidwa mtundu umodzi, wosonyeza malo a nyumba zogonamo anthu. Palibe poloti ndi imodzi yomwe imene inalembedwa kuti ndi ya malonda kapena ya fakitale. Ndiye kodi onsewa akuphwanya lamulo? Si onse ayi. Ena ali bwinobwino mkati mwa lamulo ngakhale eni akewo sadziwa, ena anadumpha malire kalekale, ndipo ambiri ali pakatikati, pamene ngakhale wa ku khonsolo angayambe wakanda kaye mutu asanayankhe.

Maganizo ogawa mzinda ndi osavuta kuwamva. Malo amagawidwa potengera ntchito yake: uku nyumba, uku masitolo ndi maofesi, uko mafakitale, uko sukulu, zipatala, manda ndi mabwalo a masewero, kwinako malo osayenera kumangapo kanthu monga m'mbali mwa mitsinje ndi m'mapiri otsetsereka. Cholinga n'choti chigayo chisagundane khoma ndi wodi ya odwala, utsi wa fakitale usamalowe kuchipinda kwa ana, ndiponso kuti oyala mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi adziwiretu kuti dera lakutilakuti lidzafuna zochuluka bwanji. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche mu March 2023 sangatsutse kuti mzere wa pa mapu nthawi zina umakhala moyo wa munthu.

Komabe maganizowa anafika kuno ndi atsamunda, ndipo sanafike oyera. Mu Blantyre wakale azungu anali ndi madera awo a mapoloti aakulu ngati Sunnyside ndi Mandala, amwenye anali ndi misewu yawo ya masitolo, pamene eni dziko amene ankagwira ntchito m'nyumba ndi m'makampaniwo ankadzipezera okha pogona kunja kwa malire a tauni. Umo ndi mmene malo ngati Ndirande anakulira. Lilongwe ndiye chitsanzo choonekeratu cha mzinda umene unayamba wakhala papepala usanakhale pansi. Boma la Kamuzu Banda litatsimikiza zochotsa likulu ku Zomba, linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo mapulani oyamba anawajambula akatswiri ochokera ku South Africa. Lilongwe inakhala likulu mu 1975. Pa mapulaniwo chilichonse chinali ndi pake: boma ku Capital Hill, maofesi ku City Centre, mafakitale ku Kanengo, akuluakulu kumayadi ngati ku Area 10, ogwira ntchito m'boma apakatikati ku Area 18, anthu wamba ku mapoloti odzimangira okha ngati ku Area 25.

Amene ankajambula mzinda woterewu anali ndi munthu mmodzi m'mutu mwawo: bambo wodzuka m'mawa, kukwera basi ya kuntchito, kulandira malipiro pakutha pa mwezi, madzulo n'kubwerera kudzagona. Kwa munthu ameneyo nyumba ndi pogona chabe, ndalama zimapezeka kwina. Munthu ameneyu alipo, koma ndi wochepa. Kafukufuku wa boma wa za ntchito wa 2013 anapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse amene amagwira ntchito m'dziko muno sali pa ntchito yolembedwa m'mabuku. Kalembera wa 2018 anawerenga anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,000 mu Blantyre. Mafakitale a ku Kanengo ndi ku Makata sangalembe ntchito khamu lonseli. Ngakhale amene ali pa ntchito, malipiro amatha mwezi usanafike pakati, ndiye kuseri kwa nyumba kumabwera khola la nkhuku, pageti pamabwera benchi. Khonde ndi lendi yokhayo ya bizinesi imene munthu wa mpamba wochepa angakwanitse, poti analipira kale.

Mawu akuti chitukuko

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi lero ndi Physical Planning Act ya 2016, imene inalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988. Lakale lija linkagwira ntchito makamaka m'madera amene boma linawalengeza kuti ndi oyendera mapulani, monga m'mizinda ndi m'matauni ena. Latsopanoli linatambasula dzanja kufikira dziko lonse.

M'lamuloli muli mawu amodzi amene amasokoneza anthu, akuti chitukuko. Ife tikamva chitukuko timaganiza za mlatho, mjigo kapena midadada ya sukulu. Kwa a mapulani mawuwa ali ndi mbali ziwiri. Yoyamba aliyense amaidziwa: kumanga, kuwonjezera chipinda, kugumula, kugawa poloti. Yachiwiri ndiyo imagwetsa anthu m'mbuna: kusintha kwakukulu kwa ntchito ya malo kapena ya nyumba, ngakhale simunaikepo njerwa ndi imodzi yomwe. Nyumba ya zipinda zinayi imene dzulo munkagona banja, lero mwatulutsa mabedi n'kulowetsa timipando ta ana kuti ikhale sukulu ya mkaka, pamaso pa lamulo mwachita chitukuko, ndipo chitukuko chimafuna chilolezo.

Nkhani yonse yagona pa mawu akuti kwakukulu. Si kusintha kulikonse kumene kumawerengedwa. Lamulo lathu linatengera malamulo a ku Britain, ndipo kumeneko anakhala akulimbana ndi funso lomweli kwa zaka zambiri mpaka anafika pa mafunso ochepa amene ndimaona kuti amathandiza ngakhale kuno. Kodi nyumbayo ikadali makamaka pokhala anthu, kapena kukhalako kwasanduka kongoperekeza? Kodi magalimoto ndi anthu obwera pakhomopo achuluka moonekera? Kodi pakuchitika zinthu zosayembekezeka m'dera la nyumba? Kodi aneba akuvutika ndi phokoso, fungo, utsi kapena fumbi, makamaka pa nthawi yopuma?

Tiyese mafunsowa mumsewu uja. Atelala a pakhonde ali ndi makina amodzi, makasitomala awo amabwera wapansi mmodzimmodzi, dzuwa likalowa makina amalowa m'nyumba ndipo khonde limabwerera kwa ana. Nyumba ija ikadali nyumba. N'chimodzimodzi mtsikana amene amaluka tsitsi pansi pa mtengo wa mango, mphunzitsi wothandiza ana atatu masamu madzulo, kapena mnyamata wogulitsa zovala pa WhatsApp ndi Facebook amene katundu wake yense amakwana m'sutikesi ziwiri. Wa okala uja zake zasiyanako pang'ono, osati chifukwa cha sopo ndi machesi, koma chifukwa anamanga kanyumba ndiponso anaboola mpanda woyang'ana kumsewu. Kumeneko ndi kumanga, ndipo kumanga kumafuna mapulani ovomerezeka, kaya kanyumbako n'kochepa bwanji. Vuto limakula kanyumbako kakatuluka kunja kwa poloti n'kudya malo a msewu, pamwamba pa ngalande kapena pansi pa mawaya a magetsi. Pamenepo simukusintha ntchito ya malo anu, mwalowa m'malo a eni.

Nkhuku ndiye chitsanzo chabwino cha mmene geni imadumphira malire mwakachetechete. Nkhuku 10 zachikuda zoyendayenda pabwalo ndi moyo wa pakhomo, palibe angadabwe nazo. Koma mayi amene anayamba ndi anapiye 50 a nkhuku zoyera, ataona kuti pakatha masabata 6 ndalama ikubwera, amawonjezera kufika 200, kenako 500. Palibe tsiku limene anadzuka n'kunena kuti lero ndatsegula famu. Koma khola ladzaza bwalo lonse, ndowe zikuunjikana, mvula ikagwa madzi akuda akutsikira kwa aneba, ntchentche zili ponseponse, ndipo Loweruka lililonse njinga za ogula zatseka njira. Pamenepa nyumba yasanduka kakhumbi ka mlonda wa khola. Ndimawamvetsa mayi oterewa, chifukwa nkhukuzo ndi fizi ya ana. Komanso ndimamumvetsa neba amene sangathenso kudyera nsima panja.

Makomo ndi angapo, osati limodzi

Chinthu chimene ndamva kawirikawiri ndi chakuti, "Ine ndili ndi layisensi ya khonsolo, palibe angandiuze kanthu." Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Kuti bizinesi ya pakhomo ikhale pamtendere imayenera kudutsa makomo osiyana, ndipo kiyi wa khomo limodzi satsegula linzake.

Khomo loyamba ndi la mwini malo. Anthu ambiri amene amati poloti ndi yawo m'tauni ali ndi lizi, kutanthauza pangano lobwereka malo, nthawi zambiri ya zaka 99, yochokera ku Unduna wa za Malo, ku Malawi Housing Corporation kapena ku khonsolo. Mukatsegula pepala la liziyo mupeza mzere wonena ntchito ya malowo, ndipo pa mapoloti ambiri palembedwa kuti ndi a nyumba yogonamo basi. Limenelo ndi pangano limene munasainira. Kusandutsa malowo loji kapena shopu popanda kupempha amene anakupatsani lizi ndi kuswa panganolo, ngakhale ofesi ina itakupatsani mapepala ena onse. Kwa wa lendi khomo limeneli ndi alandilodi. Ndaonapo banja likulongedza katundu mwezi usanathe chifukwa alandilodi anabwera kudzatenga lendi n'kupeza kuti pabalaza pasanduka saluni ya madirayala atatu, bilu ya madzi yakwera, ndipo iwo sanauzidwe kanthu. Akanafunsa poyamba mwina akanangogwirizana zowonjezera pang'ono pa lendi. Safunsa anadya phula.

Khomo lachiwiri ndi la mapulani. Apa mumalemba fomu yopempha kusintha ntchito ya malo kapena kumanga, mumaperekanso umboni woti malo ndi anu, chithunzi chojambula cha poloti ndi nyumba, n'kulipira ndalama ya pempholo. Nkhaniyo imapita ku komiti ya mapulani, imene imamva maganizo a akatswiri a misewu, azaumoyo, ozimitsa moto ndi ena. Komitiyo ikhoza kuvomera, kukana, kapena kuvomera ndi mfundo zoti muzitsata, monga malo oimikapo magalimoto mkati mwa mpanda, zimbudzi zokwanira kapena maola otsekera. Ikakana, lamulo limapereka mwayi wochita apilo. Munthu akachita chitukuko popanda chilolezo, khonsolo ili ndi mphamvu yomulembera chikalata chomulamula kuti asiye, abwezeretse malo mmene analili kapena agwetse chimene wamanga, ndipo akanyozera nkhani imatha kufika kukhoti.

Khomo lachitatu ndiye layisensi ya bizinesi ija, imene imayendera Business Licensing Act ya 2012 pamodzi ndi malamulo aang'ono a khonsolo iliyonse. Imeneyi imakonzedwanso chaka ndi chaka. Imakulolani kuchita malonda, koma siisintha mtundu umene poloti yanu inapakidwa pa mapu. Kulembetsa dzina la bizinesi ku boma ndiponso kutenga nambala ya msonkho ku MRA ndi nkhani zinanso zapadera: zimakuthandizani kutsegula akaunti ku banki ndi kupeza maoda, koma sizinena kanthu za malo amene mukugwirira ntchito.

Kuwonjezera apa, malonda ena ali ndi alonda awoawo. Wophika zakudya zogulitsa amayenderedwa ndi azaumoyo a khonsolo. Wopanga zinthu zoika m'mapaketi ndi m'mabotolo, monga chiponde, juwisi kapena sopo wamadzi, masitolo aakulu amamufunsa chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, ndipo a bungweli amafuna kuona malo opangira. Apa khitchini imene mumaphikiramonso nsima ya banja imavuta kudutsa. Mowa uli ndi layisensi yakeyake. Mankhwala a anthu sagulitsidwa mu okala mwachisawawa, ali ndi bungwe lake la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Mafuta a galimoto ndi gasi amayang'aniridwa ndi MERA, ndipo pa zonse zimene anthu amachita pakhomo, chimene chimandiopsa kwambiri ndi kusunga petulo m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta. Zigubu zimakhala kuchipinda, mbaula ili pakhonde, ana akusewera pakati. Pa chimenechi sindiona chokambirana, chifukwa moto ukabuka sufunsa kuti mpanda wa ndani.

Musaiwalenso kuti ESCOM ndi mabungwe a madzi ali ndi mitengo yosiyana ya pakhomo ndi ya bizinesi. Makina owotcherera zitsulo kapena mafiriji asanu a mafirizesi pa mita ya pakhomo ndi nkhani imene ikhoza kukutsatani payokha.

Aneba

Zoona zake n'zakuti wa ku khonsolo sayenda khomo ndi khomo kufunsa kuti pano mukusoka kapena mukugona. Antchito ndi ochepa, mizinda ndi yaikulu. Nthawi zambiri chimene chimabweretsa galimoto ya khonsolo pakhomo ndi dandaulo la neba. N'chifukwa chake lamulo lenileni la geni ya pakhomo, limene limagwira ntchito tsiku ndi tsiku, limalembedwa pa mpanda wa pakati pa nyumba ziwiri.

Mnyamata wowotcherera uja anaphunzira zimenezi. Kuseri kwa mpanda wake kumakhala mayi wina, namwino, amene sabata zina amagwira usiku n'kufika kunyumba cha m'ma 8 koloko m'mawa kuti agone. Magetsi akamazimazima, mnyamatayo ankagwira ntchito nthawi iliyonse imene ayaka, kaya ndi 5 koloko m'bandakucha kaya 10 koloko usiku. Tsiku lina mayiyo anatuluka ali chimangire chitenje, maso ali psuu, n'kuima pageti.

"Achimwene, ine sindikukanizani kudya ayi. Koma usiku wonse ndinali chiimire ndi odwala. Ndikapanda kugona, amene ndikamubaye jakisoni molakwika madzulo ano akhoza kukhala m'bale wanu."

Mnyamatayo anazimitsa makina, navula magalasi akuda aja. "Pepani amayi, sindinadziwe kuti muli pa usiku. Koma nanenso magetsi akapita ndiye kuti tsiku lapita, ndipo mwini geti ili akulifuna mawa."

Nkhani inakathera kwa amfumu a m'deralo, pansi pa mtengo, Lamulungu masana. Anagwirizana kuti kudula ndi kupala zitsulo, kumene kumasokosa kwambiri, kuzichitika kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, kuti mayiyo azimutumizira uthenga pafoni sabata imene ali pa usiku, ndiponso kuti aimike malata mbali ya kumsewu kuti kuwala kwa moto wowotcherera kusamalase ana m'maso. Palibe amene anatchula Physical Planning Act pamsonkhanowo. Koma zimene anagwirizanazo, maola, phokoso ndi chotchinga, ndi zomwezo zimene komiti ya mapulani ikanalemba pa chilolezo. Kunena mosabisa, ntchito yowotcherera malo ake enieni si pakati pa nyumba, ndipo mnyamatayo akudziwa. Chimene chikumusunga pamenepo ndi mtengo wa lendi ya shedi.

Zovuta kwambiri kuzithetsa pansi pa mtengo ndi mabala ndi mashabini a m'kati mwa nyumba za anthu, kumene nyimbo zimalira mpaka tambala woyamba ndipo oledzera amakodzera mpanda wa aneba. Pamenepo mwini bizinesi amapeza ndalama ndi chinthu chomwecho chimene chikuzunza anzake, ndiye kuchepetsa phokoso n'kuchepetsa phindu lake. Mapemphero a usiku a zimkuzamawu m'nyumba yogonamo anthu ali m'gulu lomweli, ngakhale ambiri timaopa kunena.

Kumayadi ndi kwa anthu wamba

Pali chinthu chimene chimandiwawa pa nkhani yonseyi. Amene asintha kwambiri nkhope ya madera a nyumba si amayi a mandasi. Yendani ku Area 47, Area 10 kapena Area 43 mu Lilongwe, Namiwawa kapena Nyambadwe mu Blantyre, muwerenge nyumba zimene zasanduka maofesi a mabungwe, maloji, zipatala, sukulu ndi malo odyera. Zina zinatsata njira yonse ndipo zili ndi mapepala, poti eni ake ali ndi ndalama yolipira wojambula mapulani ndi loya, komanso nthawi yodikira komiti. Kumeneko ndiye kusintha kwakukulu kumene lamulo linkanena: magalimoto oima m'mbali mwa msewu wopapatiza, jenereta yolira usiku, zimbudzi zimene anakumbira banja limodzi zikulandira anthu makumimakumi.

Mbali inayi kuli madera ngati Mtandire, Chinsapo, Mgona, Mbayani ndi mbali zambiri za Ndirande, kumene kumakhala anthu oposa theka la okhala m'mizinda yathu ikuluikulu. Kumeneko malo ambiri anagulidwa kudzera kwa mafumu, lizi kulibe, nyumba sizinadutse ku komiti iliyonse. Munthu wa kumeneko ngakhale atafuna kulowa pakhomo la mapulani, fomu ikumufunsa umboni wa umwini wa malo umene alibe. Ndiye amakhala kunja kwa lamulo osati chifukwa chokana, koma chifukwa khomolo silinapangidwe molingana ndi msinkhu wake. Ndipo munthu amene ali kunja kwa lamulo amakhala ndi mantha. Sawonjezera mpamba poopa kuonekera, sangatengere ngongole pa bizinesi yake, ndipo aliyense wobwera ndi kabuku m'manja akhoza kumuopseza.

Timadziwanso mmene zimathera boma likakhala chete nthawi yaitali kenako n'kudzuka tsiku limodzi. Mu 2006, nthawi ya Bingu wa Mutharika, mavenda anachotsedwa m'misewu pa ntchito imene inatchedwa Operation Dongosolo. Misewu inayera ndithu, koma m'misika malo sanakwane, ndipo pang'ono ndi pang'ono ambiri anabwerera, ena n'kukatsegula pamageti a nyumba zawo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700, utafika poipa, akuluakulu analetsa kwa kanthawi kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu. Chiletsocho chinali ndi chifukwa chomveka, koma chinagwera onse mofanana, waukhondo ndi wauve, poti panalibe kaundula wosonyeza kuti uyu tinamuyendera, uyu ayi.

Abale athu amene ali ku Johannesburg ndi ku Durban anaziona zimenezi ndi maso. Kumeneko okala amaitcha spaza, ndipo kwa zaka zambiri masauzande a timashopu timeneti tinkayenda m'magalaja ndi m'makontena a pakhomo popanda kulembetsa. Ana angapo atamwalira ku Naledi mu Soweto mu October 2024 chifukwa cha mankhwala ophera tizilombo amene anakhudzana ndi zakudya, Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula mu November kuti ma spaza onse alembetse ku makhonsolo pasanathe masiku 21. Nthawiyo inachepa, anaiwonjezera mpaka kumapeto kwa February 2025, ndipo chimodzi mwa zimene zinakola ambiri chinali chomwechi: shopu ili pa poloti ya nyumba, chilolezo cha ntchito ya malo palibe. Anadikira maliro kuti ayambe kulemba mayina.

Ine ndimaona kuti makhonsolo athu akanachita bwino kuvomereza poyera chimene aliyense akuchiona, kuti geni ya pakhomo ndi mbali ya moyo wa m'tauni ndipo sichoka. Pakanakhala pepala limodzi, la m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, lopachikidwa kumsika ndi kwa amfumu, lonena momveka kuti ntchito izi chitani pakhomo popanda kupempha, izi bwerani mudzalembetse ndi ndalama yochepa tidzakuyendereni, izi m'dera la nyumba ayi. Gulu lapakatilo ndiye lofunika kwambiri, la okala, saluni, zophikaphika, nkhuku zowerengeka ndi sukulu ya mkaka ya ana ochepa, ndipo chilolezo chake chisamafune wojambula mapulani kapena lizi, koma kalata ya amfumu kapena ya alandilodi ndi mawu a aneba oyandikana nawo. Kwa owotcherera, okhoma zidebe, a matabwa ndi okonza magalimoto, kuwathamangitsa kokha sikuthandiza ngati m'dera lililonse mulibe malo a mashedi otsika mtengo okhala ndi magetsi. Walira mvula walira matope: tikufuna achinyamata adzilembe okha ntchito, ndiye tiwapezere poti aike makina awo.

Pamene zimenezo sizinachitike, munthu amene akuganiza zotsegula kanthu pakhomo ayambe n'kutulutsa pepala la lizi kapena pangano la lendi n'kuwerenga mzere wonena za ntchito ya malo. Kenako agogode kwa aneba a kumanja, a kumanzere ndi a kuseri, asanagule njerwa, awauze chimene akufuna kuchita ndi maola ake. Akatero apite ku khonsolo, osati pa zenera la malayisensi lokha koma ku ofesi ya mapulani, akafotokoze kukula kwa ntchitoyo mosabisa, n'kupempha kuti yankho limene apatsidwe likhale lolembedwa. Ndalama iliyonse imene walipira atengere lisiti ya chidindo.

Atelala a mumsewu mwathu anachita zimenezi mwezi wathawu, chifukwa apeza oda ya mayunifolomu a sukulu yonse ndipo akufuna kugula makina ena awiri, kulemba atsikana awiri ndi kutseka khonde ndi njerwa kuti nsalu zisamanyowe. Anauzidwa kuti makina awiriwo si nkhani, koma khomalo likufuna mapulani. Njerwa zili chiunjikire pafupi ndi geti, zofunditsidwa ndi pepala lakuda, ndipo atsikana aja ayamba kale ntchito pabalaza.